Tambala Amene Ndinalandira Chifukwa cha Sefa ya Imelo

Bungwe lathu la alimi a mbatatesi ku Ulongwe, m'boma la Angonia, lili ndi dzina lake pa intaneti lothera ndi .co.mz, ndipo popeza ndine ndimatha kunyengerera pulinta ikanyanyala, nkhani zonse za kompyuta zimagwera ine. Imelo yathu inali itadzaza ndi makalata a akathyali, ena otiuza kuti tapambana mpikisano umene sitinalowe nawo, ena otigawira chuma cha malemu amene sitinawaonepo, moti atcheya analamula kuti tilipire sefa ya makalata.

Ntchito yake imamveka yosavuta. Mu DNS, kaundula wa mayina a pa intaneti, muli mizere yotchedwa MX, imene imauza seva iliyonse padziko (kompyuta yotumiza ndi kulandira makalata) kumene ingatule makalata a dzina lanu, choncho munthu amalembapo dzina la sefa kuti kalata iliyonse iyambe yadzera kumeneko, iunikidwe, kenako yabwino yokhayo ifike kwa eni ake. Mzere uliwonse uli ndi nambala, ndipo wa nambala yaing'ono ndi umene umayesedwa poyamba. Ine, polemekeza sefa imene inatidyera ndalama zambiri, ndinaipatsa 50, seva yakale n'kuisiya pa 10, ndipo akathyali aja anapitiriza kutilembera mosatekeseka.

Nditazindikira, ndinafufuta mzere wakalewo n'kusiya sefa yokha pa 10. Koma fayilo ya DNS imene mumalembedwa mizereyi imafuna kadontho kumapeto kwa dzina la seva, ndipo kakasowa, DNS imangomatirako dzina la bungwe lanu kumchira, n'kupanga adiresi ya nyumba imene sinamangidwepo. Ine kadonthoko ndinakaiwala. Amene anaganiza kuti malonda a alimi azidalira kadontho kochepa ngati nsabwe ndikanakonda kucheza naye.

Kuyambira mawa lake m'bokosi munali zii. Atcheya anaona zimenezi kwa masiku angapo, ndipo Lachisanu anafika mu ofesi atapanira tambala kukhwapa. "Mwananga," iwo anatero pamaso pa komiti yonse, "sukulu yako yaoneka lero, chifukwa ngakhale wakuba mmodzi sanadutse." Ndinalandira ndi manja awiri, n'kufotokozanso modzichepetsa mmene sefa imagwirira ntchito.

Lolemba kunabwera foni kuchokera kwa wamalonda wina wa mumzinda wa Tete, amene anafunsa ngati bungwe lathu linatha, pakuti kalata yake yoitanitsa lole yathunthu ya mbatatesi inkangomubwerera, ndipo iye anali atakagula kale ku Tsangano. Kadontho ndinakaika nthawi yomweyo, koma TTL, imene imauza maseva ena kuti asunge yankho lakale kwa nthawi yaitali bwanji, inali pa masekondi 86400, kutanthauza tsiku lathunthu. Atcheya anakoka mpando n'kukhala pambali panga, maso ali pa kompyuta, akundifunsa pafupipafupi kuti masekondi aja atsala angati.

Kalata yoyamba inafika dzuwa litapendeka, ndipo inali ya eni sefa, yotikumbutsa kulipira mwezi wotsatira. Atcheya anaiwerenga mpaka kumapeto, navula magalasi, nandifunsa mwaulemu kwambiri kuti tambala uja wadzuka bwanji.

"Bambo," ndinayankha, "mayi a kunyumba anamukonza Loweruka, ndipo akuthokoza."

Pamsonkhano wotsatira komiti inagwirizana kuti ndibweze atambala awiri, wachiwiriyo wa chiwongoladzanja.