Corolla ya 2003: oyilo wa giyabokosi, takhuthula kawiri, kwatsala kamodzi

Galimoto yomwe ili pamanja mwezi uno kuno ku Salima ndi Corolla NZE121 ya 2003, injini 1NZ-FE, giyabokosi ya otomatiki ya magiya anayi, U340E. Yayenda makilomita opitirira 190,000 ndipo palibe pepala losonyeza kuti oyilo wa giyabokosi anasinthidwapo. Vuto lake linali lapawiri. M'mawa mukaika pa D imayamba yaganiza kaye masekondi awiri isanagwire, ndipo pokwera zitunda za msewu wa M14 kulowera ku Chezi imagunda ikamatsika giya.

Pa dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo, oyiloyo anali wa bulauni ngati tiyi wopanda mkaka, koma sankanunkha kupsa. Apa ndi pamene pagona chiganizo chonse. Oyilo akakhala wakuda bii, akununkha ngati nsima yopserera, ndipo giya ikuterereka kale injini n'kumangolira liwiro osawonjezeka, ndiye kuti makilatchi a m'kati adatha, ndipo oyilo watsopano sangawadzutse. Nthawi zina kuterereka kumaonjezeka kumene, chifukwa zinyenyeswa zimene zinali mu oyilo wakaleyo ndi zomwe zimathandiza makilatchi otha aja kugwira. Nkhani yoti "giyabokosi yakale saisintha oyilo" inachokera pamenepo. Koma wa bulauni wosapsa, sinthani. Kutentha kwa kuno kunyanja mu Okutobala ndi Novembala, kuphatikiza zitunda zopita ku Lilongwe galimoto itadzaza, kumakalambitsa oyilo msanga.

Oyilo wake ndi Toyota T-IV, kapena wina aliyense amene pachigubu palembedwa JWS 3309. Musangomva kuti "ndi wofiira, ndi ATF" n'kugula. Ma Corolla akale a AE100 ndi AE110 amamwa Dexron, ma Toyota ena atsopanoko amafuna WS, pomwe ma Axio a otomatiki oyambira 2006 ndi a CVT, giyabokosi yoyendera lamba, oyilo wake ndi wina kotheratu. Mukathira T-IV mu CVT lamba wa m'katimo amayamba kuterereka, ndalama yake simungaikonde. Zolemba za pa dipisitiki kapena buku la galimotoyo ndi zimene zikuuzeni, osati wogulitsa. Ndipo gulani chigubu chomata, osati woyezedwa m'mabotolo a madzi akumwa.

Giyabokosi imeneyi imasunga malita pafupifupi 7, koma mukamasula bawuti ya pansi amatuluka pafupifupi 3 okha. Otsalawo amakhala mu torque converter (chimene chimalumikiza injini ndi giyabokosi), m'mapaipi ndi mu kula (choziziritsira oyilo) ya mu rediyeta. Choncho kukhuthula kamodzi kumasintha osakwana theka. Kachiwiri mumafika cha pa 67 peresenti, kachitatu kupitirira 80. Njira imeneyi ndi yochedwa ndipo imadya malita 9 kapena 10, koma pa galimoto yakale ndiyo timaikhulupirira kuposa makina opopa oyilo yense nthawi imodzi, chifukwa litsiro limachoka pang'onopang'ono.

Kukhuthula koyamba

Yendetsani galimoto mphindi 10 kuti oyilo afunde, asafike potentha dzanja. Ikani pa simenti. Pamchenga wa kwathu kuno jeke imamira ndipo imapendeka, ndiye ngati simenti palibe yalani thabwa lochindikala. Handibuleki ikokedwe, matayala a kumbuyo atsekedwe ndi miyala, galimoto ikhale pa masitandi achitsulo. Njerwa ayi, zimaphwanyika mosachenjeza.

Onetsetsani kuti mwagwira bawuti ya giyabokosi, osati ya injini. Masampu awiriwa, mabeseni a pansi osungira oyilo, ali pafupi, ndipo anthu akhuthulapo wolakwika n'kuthira malita atatu owonjezera mu giyabokosi yodzaza kale, injini ili youma. Wa giyabokosi uli mbali ya kumanzere kwa galimoto, mbali ya batire.

Oyilo wotuluka muyezeni. Ife tinamuthira m'chigubu chakale chokhala ndi mizere ya malita, anakwana 2.9, ndipo tinabwezeramo 2.9 yemweyo kudzera pa paipi ya dipisitiki ndi fanelo yopyapyala. Thirani pang'onopang'ono, paipiyo ndi yaing'ono, mukafulumira amabwerera n'kutayikira pa injini. Washala ya bawuti ikhale yatsopano, bawuti imangidwe pa 49 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira).

Kukhuthula kwachiwiri, patatha makilomita 500

Ulendo uno tinatsitsa sampu yonse, ndipo ndi pomwe pali ntchito. Tsukani kaye kunja konse kwa giyabokosi. Kamchenga kamodzi kakalowa mu valve body, gawo la mavavu osintha magiya, kakhoza kukanikiza vavu, giya n'kukana kusintha. Tsiku la mwera fumbi likuuluka si tsiku lotsegula giyabokosi.

Mukakhuthula pa bawuti, masulani timabawuti ta 10 mm tozungulira sampu, koma siyani tiwiri ta mbali imodzi tili tolezuka, kuti sampu ipendeke n'kutsanulira mu beseni. M'menemo mumakhalabe oyilo wokwana kukunyowetsani mkono mpaka m'khwapa. Ikakana kutsika imenyeni ndi chikhatho kapena hamala ya labala. Sikuludiraiva imapinda m'mphepete, ndipo sampu yopindika imadontha mpaka kalekale.

Pansi pa sampu pali maginito awiri. Athu anali atavala phala lotuwa, losalala mukalipekesa pakati pa zala, ngati phulusa lonyowa. Limenelo ndi labwinobwino pa mayileji amenewa. Choopsa ndi tizitsulo tobaya chala, kapena tizidutswa tachikasu ta mkuwa, kapena timakoko takuda ngati makungwa opsa. Mukaona zimenezo, jambulani chithunzi, tsekani, kaonaneni ndi makaniki wa ma otomatiki musanawononge ndalama zina pa oyilo.

Sefa ya oyilo, yomwe imaoneka mukachotsa sampu, imagwidwa ndi mabawuti atatu. Pochotsa, onani ngati kalabala kozungulira pakamwa pake katuluka nayo. Kakatsalira m'kati, inu n'kukankhira sefa yatsopano pamwamba pake, pampu imakoka mpweya m'malo mwa oyilo ndipo galimoto imakana kunyamuka. Kalabala katsopano kapakeni oyilo musanakalowetse, mabawuti ake pa 11 Nm.

Sampu itsukidwe ndi petulo kapena sipuleyi yotsukira mabuleki, iume ndithu. Musapukute m'kati ndi chisanza chothothoka ulusi. Maginito abwerere pamalo pomwe anali. Gasiketi yatsopano ilowe youma, popanda silikoni. Ambiri amapaka poopa kudontha, koma silikoni wofinyidwira m'kati amaduka n'kukatseka sefa kapena timabowo ta mavavu. Timabawuti ta sampu tilowetseni tonse ndi zala kaye, kenako mangani modumphadumpha, ka uku ka uko, pa 8 Nm basi. Mphamvu imeneyi ndi yochepa kwambiri, ya zala zitatu pa sipanala yaifupi. Mazinga ake ali mu aluminiyamu, mukakoka ndi phewa amatha, kapena gasiketi imatuluka m'mbali ngati lilime. Apa torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, ndi yoyenera kubwereka ngati mulibe.

Chifukwa cha sampu ndi sefa, ulendo uno oyilo anatuluka wochulukirapo, malita 3.5.

Tsopano kuyeza, komwe ambiri amalakwitsa. Oyilo wa giyabokosi samuyeza injini ili chete ngati wa injini. Lizani, pondani buleki, dutsitsani giya kuchokera pa P mpaka pa L, kuima masekondi atatu paliponse, n'kubwerera pa P. Injini ikulirabe, galimoto ili pamalo osapendeka, onani pa dipisitiki ngati oyilo wafika pa mzere wa COOL. Mzere umenewu ndi wongokupatsani chilolezo chonyamuka. Muyezo weniweni ndi wa HOT, oyilo atafika madigiri 70 mpaka 80. Kuchoka pa Kamuzu Road kukafika ku Senga Bay n'kokwanira. Solorani dipisitiki, pukutani, bwezerani mpaka pansi, soloraninso, werengani mbali zonse ziwiri, mukhulupirire mbali yotsikayo. Akachepa onjezerani mamililita 200 nthawi imodzi. Wochepa amachititsa giya kusiya pa kona kapena pa chitunda. Wochuluka amamenyedwa ndi zitsulo zozungulira n'kuchita thovu, thovulo silikankha makilatchi bwino, ndipo amalavulira pa kabowo kopumira pamwamba pa giyabokosi.

Mmene zilili pano, D ikugwira mosachedwa m'mawa, kugunda kwa pa chitunda kwachepa koma sikunatheretu. Oyilo pa pepala loyera akuoneka wofiira moderako. Wakale uja tamusunga m'zigubu zotseka, sitimukhuthulira pansi, zitsime za kuno madzi ake ali pafupi.

Kwatsala kukhuthula kachitatu pakatha makilomita ena 500, pa bawuti pokha. Tsiku lomwelo tidzasintha mapaipi awiri a labala opita ku rediyeta, chifukwa imodzi yauma ndipo ikuchita thukuta pa kilipi. Tidzaonanso madzi a mu rediyeta. Kula ya m'katimo ikabooka madzi amasakanikirana ndi oyilo, pa dipisitiki pamaoneka pinki wamkaka, ndipo zikatero galimoto isayendenso ngakhale kilomita imodzi mpaka rediyeta itasinthidwa.