Kompyuta ikuyaka koma Windows sikutseguka

Fani ikuzungulira, nyali yayaka, koma sikirini ili bii? Musathamangire kufomata (kufufuta zonse za m'kompyuta), nthawi zambiri mafayilo anu amakhala akadalimo. Kuno ku Salima chinyezi cha kunyanja ndi fumbi zimadetsa RAM (kabodi ka memori ka m'kati mwa kompyuta), choncho yambirani pamenepo. Zulani chingwe cha magetsi, dinani batani loyatsira masekondi 15 kuti moto wotsalira uthe. Tsegulani kompyuta, chotsani RAM, pukutani timano tagolide ndi labala wofufutira pensulo, muibwezeretse mpaka tizogwirira ta m'mbali titseke. RAM zikakhala ziwiri, yesani imodziimodzi.

Ikalemba "No boot device", vuto si RAM. Dinani Del kapena F2 poyatsa, muone ngati BIOS (pulogalamu yoyambitsa kompyuta) ikuiona hard disk, yomwe imasunga mafayilo. Ikapanda kuoneka, sinthani chingwe cha SATA, chomwe chimalumikiza hard disk ndi bodi yaikulu ya kompyuta. Deti ikamabwerera m'mbuyo, kabatire kozungulira ka pa bodiyo, ka CR2032, katha, ikani kena ka mavoti 3.