Musanaike nyumba pa Airbnb

Abale a ku Ulónguè ndi Moatize, ndaona ambiri mwayamba kubwereketsa zipinda kwa alendo a masiku awiri atatu, ena mpaka pa Airbnb, tsamba la pa intaneti lomwe alendo amapezerapo malo ogona. Ndalama ilipo, sindikukana. Koma mukangoika bedi, neti ndi chidebe cha madzi osamba n'kumalipiritsa pa usiku, imeneyo ndi bizinesi, si lendi wamba ayi. Pamafunika NUIT (nambala ya msonkho) ndi alvará (chilolezo cha bizinesi), ndipo poyambira ndi ku BAÚ, ofesi ya boma yolembetsera mabizinesi. Ngati DUAT yanu, chikalata cha malo, ikunena kuti malowo ndi okhalapo basi, kafunseni kaye ku município, komwe timalipiranso IPRA, msonkho wa nyumba.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti mlendo wakunja, ngakhale Mmalawi wa ku Dedza wolowera pa Calómuè, amayenera kulembetsedwa ku Migração, ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko. Ine msonkho sindidandaula nawo, bola misewu ya m'bairro aziikonza.