Pasipoti Yanga Inandikana Anthu Akuona

Popeza mayi a kunyumba ayamba kale kuifalitsa nkhaniyi, kuithiranso mchere, bola ndiifotokoze ndekha.

Inde, ndine ndinkakusowetsani mtendere pagulu lathu la WhatsApp, kuikira kumbuyo lamulo la 2022 loti kuno ku England munthu azionetsa chiphaso cha chithunzi povota. Inu munkati likufinya osauka ndi achinyamata, poti khadi ya basi ya okalamba amailola koma chiphaso cha ophunzira ayi. Ine ndinkati wosowa chiphaso ndi waulesi, poti chiphaso chovotera chotchedwa Voter Authority Certificate ndi chaulere. Boris Johnson, nduna yaikulu yakale ya dziko lino, atabwezedwa pamalo ovotera mu May 2024 chifukwa choiwala chiphaso, lamulo lake lomwe litamuluma, ndinaseka mpaka kutsamwa.

Pa 4 July 2024, popita kukavota pa chisankho cha aphungu, ndinanyamula pasipoti yakale yotha ntchito. Lamulo limalola, bola chithunzicho uzifanana nachobe. Apo ndi pomwe panagona nkhani.

Mayi wa patebulo anatsegula pasipoti. Anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana ine. Chithunzi. Ine. Pachithunzipo pali kamnyamata koonda ngati bango, tsitsi lodzaza mutu, khosi lalitali bwino. Patsogolo pawo paima ine: dazi lonyezimira, masaya ngati ndabisamo mandimu, khosi linasamuka kalekale osatsanzika.

"Bambo, ameneyu ndi mwana wanu?"

Nzeru zinandithawa. Ndinayamba kuyesetsa kufanana ndi chithunzi changa chomwe. Ndinalowetsa masaya m'kati, kukoka mimba, kuphimba dazi ndi chikhatho, n'kutong'ola maso ngati mmene anachitira kamnyamatako. Ndinaima choncho, osapuma, mwina zaka ziwiri. Agogo ena kumbuyo kwanga, khadi yawo ya basi ili m'manja mwaulemerero, anafunsa ngati aitane ambulansi. Mayi aja anaitana mkulu wa pamalopo. Iyeyo anavala magalasi, kuvula, kuvalanso.

Koma tinene zoona, kunenepa si mlandu, ndipo makutu sasintha. Ndinawauza kuti ayang'ane makutu. Anayang'anadi. Anthu akuluakulu awiri, wina kumanzere wina kumanja, akuunika makutu anga, mzere wonse uli zii.

Ndikusolola kansalu kopukutira thukuta, laisensi yoyendetsera galimoto inagwa pansi kuti phaa. Inali m'thumba nthawi yonseyi, ya chithunzi chadazi chomwechi.

Ndinavota. Amene ndinamuvoterayo anagwa chagada. Za lamulo lija maganizo anga sanasinthe kwenikweni, kungoti pagulupo ndikhala kaye chete, foni ikuvuta.