Ndinapita ndekha ku Stourhead

Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba kuno ku Bristol, kawirikawiri usiku. Mabelu a m'zipinda salekeza kulira. Ukafika kunyumba, poti timakhalamo angapo, wina akukazinga anyezi, wina akukuwa pafoni ndi akumudzi, gulu la WhatsApp la kumpingo nalonso siligona. Ndiye tsiku lina lopuma, pakati pa sabata, ndinanyamuka kupita ku Stourhead, malo a nyumba yakale ndi munda waukulu m'dera la Wiltshire ku England. Mnzanga atamva kuti ndikupita ndekha anafunsa mondera nkhawa, "Achemwali, mwayambana ndi ndani kodi?" Sindinayambane ndi munthu. Ndinkangofuna maola angapo opanda wonditchula dzina.

Nyumba yaikulu ya pamalopo sindinalowemo, ndinalunjika kumunda. Pakati pa chigwa pali nyanja yaing'ono, ndipo ukaiona ungalumbire kuti ndi yachilengedwe. Ayi ndithu. Henry Hoare II, mwini banki ya pa Fleet Street ku London, anayamba kukonza mundawu m'zaka za m'ma 1740, kenako anatchinga madzi a akasupe a mtsinje wa Stour mpaka chigwa chinadzaza. Bata lonseli ndi lochita kugula, ndipo ndalama zinapitapo zosaneneka. Zimenezi zinandikhala m'mutu kanthawi ndikuyenda, ine wodalira malipiro a pa ola, koma sizinandichotsere kukoma kwa malowo.

Njira yozungulira nyanjayi anaikonza mwaluso. Uli tsidya lino ukuona Pantheon, kachisi wamng'ono wa denga lozungulira amene Henry Flitcroft anajambula motsanzira wa ku Rome, womangidwa cha mu 1753. Ukayenda pang'ono mitengo ikumubisa, uiwale, kenako pokhota nayu watulukira pafupi. Apa m'pamene ndinaona ubwino woyenda wekha. Palibe wokukoka kuti tijambulitse, palibe wodandaula njala. Ndinakhala pa benchi nthawi yaitali kuyang'ana abakha akulimbirana zinthu zosaoneka, foni ili yothimitsa pansi pa chikwama.

Chimene ndinachikonda kwambiri ndi phanga lochita kumanga m'mphepete mwa madzi. M'katimo muli zii ngati mumtsuko, mdima pang'ono, ndipo pali chifaniziro cha mkazi wogona, madzi a kasupe akutsetsereka pansi pake. Phokoso lokhalo ndi la madziwo. Ndinadikira banja lina lidutse, n'kubwereranso. Kukachisi wa Apollo wa mu 1765, pamwamba pa chitunda, ndinakwera mawondo akudandaula. Nyanja yonse imaonekera kumeneko.

Malowa ali m'manja mwa National Trust, bungwe losamalira malo akale, kuyambira 1946. Sir Henry Hoare, wina wa m'banja lomwelo la Hoare, anawapereka chifukwa mwana wake mmodzi yekhayo anafera ku nkhondo yoyamba yapadziko lonse mu 1917. Kulowa amalipiritsa, ndipo si ndalama yochepa. Wofuna bata apewe Loweruka ndi Lamlungu, makamaka mu Okutobala pamene masamba afiira ndipo aliyense wa kamera amathamangirako.

Potuluka, pafupi ndi tchalitchi cha Stourton, ndinapeza chipilala chachitali chosemasema chotchedwa Bristol Cross. Chinkaima pakati pa mzinda wathu womwe uno kuyambira 1373, anthu n'kumadandaula kuti chikutchinga msewu, mpaka anachichotsapo mu 1733, ndipo Henry Hoare II uja anadzachitenga m'zaka za m'ma 1760. Anzanga a kuntchito obadwira ku Bristol nditawaonetsa chithunzi chake, ambiri anali asanamvepo.