Switch itadzuka ndi makonzedwe akale

Sabata yathayi ndinaitanidwa ku fakitale ina yokonza tiyi, kumene makina owumitsira masamba anasiya kulumikizana ndi kompyuta ya m'chipinda choyang'anira ntchito magetsi atangoyaka. Lolemba m'mawa ndinapeza switch ya Cisco IE 4000, chipangizo cholumikiza makina ndi makompyuta pa netiweki, ili bwinobwino m'bokosi lake, timagetsi take tikuthwanima, koma PLC, kompyuta yaing'ono yoyendetsa chowumitsiracho, sinkaoneka pa netiweki. Nditalumikiza laputopu kudzera pa console, malo olumikizira waya wolankhulirana ndi switch mwachindunji, ndinaona kuti VLAN ya gawo limenelo, kutanthauza kachigawo ka netiweki kopatulidwira makina ake, mulibemo, ndipo makonzedwe onse, omwe ife timangoti config, anali akale kwambiri.

Gwero la vutoli linali khadi la SD. Switch yamtunduwu ili ndi malo awiri osungira pulogalamu yoiyendetsa yotchedwa IOS pamodzi ndi mafayilo a makonzedwe ake, config.text ndi vlan.dat: memore yam'kati yotchedwa flash, ndi khadi lochotseka lotchedwa sdflash. Ikamayaka imayamba kuwerenga za pa khadi ngati lilimo. Wina analowetsa khadilo switch ili kale pa ntchito, choncho zonse zimene anthu anasintha pambuyo pake zinkasungidwa mu flash, khadi n'kutsalira m'mbuyo osadziwika. Batire ya UPS, chipangizo chopereka mphamvu kwa kanthawi magetsi akathima, italephera magetsi atazima, switch inazima koyamba patapita nthawi yaitali, ndipo podzuka inatenga za pa khadi monga momwe anaipangira. Nditatsimikiza kuti config ya mu flash ndiyo yatsopano, ndinalemba lamulo lakuti sync flash: sdflash:, lomwe limakopera za mu flash kupita pa khadi, ndinaiyatsanso, ndipo chowumitsira chinayambiranso ntchito masamba asanawonongeke.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndinayendera mabokosi ena onse. M'bokosi lina loyandikana ndi boyila munali kakhadi ka foni kogula pamsika kolowetsedwa mu adaputa, chinthu chimene sindingachivomereze, pakuti makhadi opangidwira m'mafakitale amapirira kuyambira pa madigiri -40 mpaka 85, ndiponso sawonongeka msanga magetsi akazima mwadzidzidzi. Khadi lina linali lokhoma ndi kabatani ka m'mbali kaja, kotero kuti palibe chatsopano chimene chinalembedwapo chilikhomereni. Kumalo opakira tiyi kuli switch ya Siemens SCALANCE, yomwe imagwiritsa ntchito kachipangizo kochotseka kosungira config kotchedwa C-PLUG m'malo mwa khadi la SD, koma cholinga chake n'chimodzimodzi.

Lachinayi tinayesa ntchito yeniyeni ya makhadiwa, yomwe ndi kusamutsira config ku switch ina pamene yoyambayo yawonongeka. Ndinapempha wamagetsi wa pafakitalepo, yemwe sanaphunzirepo za netiweki, kuti azimitse switch imodzi, achotse khadi, alilowetse mu switch yapadera yamtundu womwewo, kenako abwezere mawaya pa mapoti ake potsata manambala amene tinamata. Sanafune laputopu kapena kuimbira munthu wa ku Blantyre, ndipo patangopita mphindi zochepa makina anali akulankhulana. Pamalo akutali ndi tauni, makamaka nyengo ya mvula pamene masamba amachuluka ndipo mphezi sizisowa, ubwino umenewu ndi waukulu.

Komabe ndinakana maganizo a woyang'anira za umisiri akuti khadilo likukwanira ngati malo osungira makope. Limakhala m'bokosi limodzi ndi switch, ndiye madzi, moto kapena wakuba akafika zimapitira limodzi. Komanso config imakhala ndi mapasiwedi ndi maadiresi a pa netiweki, moti aliyense wotsegula bokosi losakhoma akhoza kuchoka ndi chithunzi cha netiweki yonse m'thumba. Lachisanu tinagwirizana kuti makope azitumizidwa ku seva kudzera pa SCP, njira yotetezeka yotumizira mafayilo, munthu akangosintha kanthu, ndiponso kuti kusinthako kusamaonedwe ngati kwatha flash ndi khadi zisanafanane. Maloko a mabokosi anagulidwa tsiku lomwelo, koma pempho la makhadi atsopano likudikirabe ku ofesi ya zachuma, kumene akufunsa chifukwa chake khadi la 1GB likudula kuposa la 32GB la pamsika.