Ana a ku Finland pa Zithunzi Zoyeserera za Penti wa Mafuta

Mwana sakhazikika malo amodzi, ndipo limeneli linali vuto lalikulu kwa akatswiri ojambula a ku Finland a m'zaka za m'ma 1880, omwe anatsimikiza mtima kuonetsa moyo wa anthu wamba monga mmene unalili. Chithunzi chachikulu cha penti wa mafuta chimatenga milungu kapena miyezi, pomwe mnyamata amene akusewera m'madzi amasintha kaimidwe burashi isanakhudze n'komwe chinsalu. N'chifukwa chake ankayamba ndi tizithunzi toyeserera, tojambulidwa mwachangu panja pomwepo pa kathabwa kapena kachinsalu, kuti agwire mtundu wa khungu, kuwala kwa dzuwa ndi mapindikidwe a thupi zisanasinthe. Penti wa m'machubu, yemwe anatulukira mu 1841, ndi amene anachititsa kuti kujambulira panja kukhale kosavuta.

Amene ndimamuganizira kwambiri pa nkhaniyi ndi Albert Edelfelt, yemwe anabadwa mu 1854 ndipo anaphunzira luso lake ku Antwerp ndi ku Paris. M'nyengo yotentha ankabwerera kwawo n'kukakhala ku Haikko, pafupi ndi Porvoo, ndipo mu 1884 anajambula Leikkiviä poikia rannalla, chithunzi cha anyamata akuseweretsa timaboti m'mphepete mwa nyanja, chomwe tsopano chili ku Ateneum, nyumba yosungiramo zojambulajambula mumzinda wa Helsinki. Munthu akachiona angaganize kuti Edelfelt anangowapeza anawo akusewera n'kuwajambula nthawi yomweyo, koma chithunzi chotere chimachita kumangidwa pang'onopang'ono: mwendo womira m'madzi umayesedwa pawokha, msana wowala ndi dzuwa pawokhanso, kenako wojambula amasankha poika aliyense. Kunena zoona, ine tizithunzi toyeserera totere timandikoka mtima kuposa chomalizidwa, chifukwa mikwingwirima ya burashi imaonekabe, nkhope nthawi zina imangokhala kadontho ka penti, koma thupi lonse limakhala la mwana weniweni amene maganizo ake ali pa sewero osati pa womujambula.

M'chaka chomwecho Akseli Gallen-Kallela, ali ndi zaka 19, anajambula Poika ja varis, chithunzi cha mnyamata wosavala nsapato akuyang'anitsitsa khwangwala.

Komabe tisamanamizidwe kuti zonse zimene akatswiriwa anajambula zinali ndendende zimene maso awo anaona. Eero Järnefelt, pokonzekera chithunzi chake cha mu 1893 cha anthu otentha tchire ku Lapinlahti kuti apeze malo olima, anagwiritsanso ntchito kamera, ndipo kamtsikana kamene kaimirira pakati pa utsi anakadetsa nkhope ndi mwaye n'kukaonetsa kotheratu ndi njala kuposa mmene kanaonekera pa chithunzi cha kamera. Ntchito yokonzekera ndi imene imaulula zoterezi, chifukwa ikaikidwa pambali pa chithunzi chomalizidwa, munthu amatha kuloza zimene wojambula anawonjezera ndi zimene anachotsa.